Box 2: kodi sukulu ya Zomba Catholic ndi ya Mpingo kapena ya boma?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, m'magulu a WhatsApp mumayamba kuyenda mndandanda wa sukulu zimene zakhoza bwino. Kawirikawiri maina ake amakhala omwe aja: Zomba Catholic, Likuni Boys, Mtendere, St Patrick's, Chaminade, kuphatikizapo za atsikana monga St Mary's ndi Marymount. Mndandandawo ukafika, mkangano umabuka. Wina amati sukuluzi ndi za ansembe. Wina amatsutsa, amati ndi za boma, chifukwa mwana wa achimwene ake anachita kusankhidwa ndi unduna. Wachitatu amafunsa kuti nanga makolo akulipiriranji ndalama, chikhalirecho anamva pa wailesi kuti sekondale ndi yaulere.

Atatu onsewa aliyense wagwira mbali yake ya nkhani. Chimene chimasokoneza ndi chakuti sukulu ngati Zomba Catholic ili ndi eni ake awiri, ndipo aliyense ali ndi mawu pa zinthu zosiyana. Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, kuyambira pa dzina lenilenilo.

Box 2 ndi chiyani?

Mukamva bambo wa imvi akudzigunda pachifuwa kuti "ine ndine wa Box 2", akunena keyala ya ku positi ofesi. Makalata a sukuluyi amadzera ku P.O. Box 2, Zomba, ndipo nambalayo inasanduka dzina. Anzawo a ku Dedza Government nawo amadzitcha a Box 48. Kwa mwana wa lero amene sanamatepo sitampa pa envulopu, dzinali lingaoneke lopanda mutu. Koma kwa mnyamata wa zaka za m'ma 1960, bokosi limenelo linali njira yokhayo imene uthenga wa kumudzi, ndalama ya sopo ndi kalata ya chibwenzi zinkamufikira.

Sukuluyi inatsegulidwa mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi tikumbukire mmene zinthu zinalili ku Nyasaland nthawiyo. Pafupifupi maphunziro onse anali m'manja mwa mamishoni. Boma la atsamunda linachedwa kwambiri kulowererapo: dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patangopita zaka ziwiri gulu lofufuza la Phelps-Stokes litayendera dziko lino. Malo ophunzitsira aphunzitsi, abusa ndi amisiri analipo, monga Overtoun Institution ku Livingstonia imene inayamba mu 1894, koma sekondale monga tikuidziwira lero kunalibe. Mnyamata wofuna kupitirira ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku South Africa, ku Southern Rhodesia kapena ku Uganda, ndipo ochita mwayi woterowo anali owerengeka.

Sekondale yoyamba inali Blantyre Secondary School, mu 1940, imene kumbuyo kwake kunali mamishoni a Chipulotesitanti. Ya Akatolika ku Zomba inatsatira patapita zaka ziwiri. Boma lenilenilo linadzamanga yakeyake ku Dedza mu 1951. Choncho kwa zaka pafupifupi khumi, dziko lonse, kuyambira ku Karonga mpaka ku Port Herald kumene lero timati Nsanje, linkadalira sekondale ziwiri zokha.

Bwanji ziwiri, osati imodzi yaikulu? Pa nthawiyo mipingo inkalimbirana midzi ndi ana, ndipo palibe mbali imene ikanalola kuti anyamata ake anzeru akaleredwe m'manja mwa mbali inayo. Zili ngati abale awiri amene akumba zitsime ziwiri pa bwalo limodzi: madzi ndi omwewo, koma aliyense akufuna kutunga ndi chingwe chake. Ndipo Zomba sanasankhidwe mwangozi. Linali likulu la dziko mpaka 1975, kumene kunali maofesi ofuna makalaliki, omasulira ndi aphunzitsi odziwa Chingerezi.

Amene anayambitsa sukuluyi ndi ansembe a chipani cha Montfort. Iwowa anafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ndipo chigawo cha kummwera chinakhala dera lawo, pamene a White Fathers anatenga chapakati ndi kumpoto atakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903. Abulazala a Marist, amene anthu ambiri amaganiza kuti ndiwo anaiyamba, anadzailandira m'zaka za m'ma 1950.

Bulazala si wansembe

Apa ndi pamene ambiri timaphonya, ngakhale ife amene tinakulira mu Mpingo. Bulazala ndi mwamuna amene wachita malumbiro atatu, osakwatira, osakhala ndi chuma chakechake ndi kumvera akuluakulu a chipani chake, koma sanadzozedwe unsembe. Sachita Misa, samva kulapa. Sikuti ndi munthu amene analephera unsembe kapena amene akudikira kudzozedwa. Ndi njira ina pa yokha. Taganizirani msilikali ndi wapolisi: onse avala yunifolomu, onse alumbira kutumikira dziko, koma wapolisi sakudikira tsiku lina kuti adzakhale msilikali. Pa sukulu ya abulazala, Misa amadzachita ndi wansembe, pamene bulazala mumamupeza m'kalasi ali ndi choko m'manja kapena ku bwalo la mpira ali ndi wezulo pakamwa.

Chipani cha Marist Brothers chinayamba pa 2 Januwale 1817 m'mudzi wa La Valla ku France. Anachiyambitsa ndi wansembe wachinyamata, Marcellin Champagnat, amene anabadwa mu 1789, chaka chimene chipwirikiti chachikulu cha ku France chinayamba. Iye mwini sukulu inamuvuta ali mwana. Mbiri imene a Marist amaikamba kawirikawiri ndi ya mu Okutobala 1816, pamene anaitanidwa kukaona mnyamata wina wodwala mwakayakaya, Jean-Baptiste Montagne, n'kupeza kuti mnyamatayo sankadziwa chilichonse cha Mulungu. Patangopita miyezi iwiri ndi masiku owerengeka, Champagnat anasonkhanitsa anyamata awiri m'kanyumba kakang'ono kuti awakonzekeretse kuphunzitsa ana a kumudzi. Anamwalira pa 6 Juni 1840, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamuika m'gulu la oyera mu Epulo 1999. Ndicho chifukwa chake 6 Juni ndi tsiku la chikondwerero m'sukulu za a Marist.

Kuno anafika mu 1946 ndipo anayambira ku Mtendere, m'boma la Dedza. Malemu Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anaphunzira kwa abulazala omwewa ku Mtendere.

Kaphunzitsidwe kawo amakafotokoza ndi mfundo zisanu: kupezeka pakati pa ana, kudzichepetsa, mtima wa pabanja, kukonda ntchito ndi kutsata chitsanzo cha Maria. Pa zisanuzi, yoyambayo ndi imene imafotokoza bwino moyo wa sukulu yogonera komweko. Champagnat ankaphunzitsa kuti mwana sungamulere usanamukonde, ndipo sungamukonde uli patali. Ndiye nyumba ya abulazala imakhala pa sukulu pomwepo. Mnyamata wothawa pulepu, nthawi yowerenga ya usiku, amadziwa kuti akhoza kukumana ndi bulazala pakona ya hositelo usiku uliwonse. Kaya chimenecho ndi chikondi kapena ulonda, anyamata enieniwo amayankha mosiyana ali pa sukulu ndiponso atakula.

Kachinthu kena kosokoneza: a Marist si a Marianist. Chaminade ya ku Karonga inayambitsidwa ndi a Marianist, chipani china chimene William Joseph Chaminade anayambitsa ku Bordeaux. Chinayambanso mu 1817 momwemo, m'dziko lomwelo la France, n'chifukwa chake kuwasokoneza si mlandu.

Nanga si seminale?

Ayi. Seminale yaing'ono, monga Nankhunda kufupi ndi Zomba komweko kapena St Kizito ku Dedza, imalandira anyamata Achikatolika amene akuonetsa chidwi cha unsembe. Amaphunzira maphunziro omwewo a sekondale, amalemba mayeso omwewo, koma cholinga cha nyumbayo ndi kukonzekeretsa ansembe a mawa. Ili ngati nazale ya fodya: mbande zonse zikusamalidwira munda umodzi, ngakhale aliyense akudziwa kuti si zonse zidzawokeredwe. Zomba Catholic ndi munda wamba. Mumalowa Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day, Msilamu ndi wina aliyense amene wasankhidwa, ndipo palibe amene amamuyembekezera kuti adzavale mkanjo.

Eni ake awiri

Tafika pa phata la nkhani. M'maofesi a zamaphunziro sukulu zamtunduwu amazitcha grant-aided, kutanthauza sukulu za eni ake zimene boma limathandiza. Malo, nyumba, dzina ndi mwambo wa sukulu ndi za Mpingo. Boma limatumiza aphunzitsi ambiri ndi kuwalipira, limapereka thandizo la ndalama zoyendetsera sukulu, limakonza silabasi, ndipo kudzera ku bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa mu 1987, limalembetsa mayeso. Posinthana ndi zimenezi, boma limasankha gawo lalikulu la ana olowa Fomu 1 potengera zotsatira za mayeso a Sitandade 8, ndipo eni sukulu amasiyiridwa malo ena oti adzaze okha, kawirikawiri polembetsa mayeso awoawo olowera.

Tiyerekeze ndi chigayo. Munthu wina wamanga nyumba, wagula injini, walemba dzina lake pakhoma. Mfumu ikubwera n'kunena kuti, "Mafuta ndi malipiro a woyendetsa ndizipereka ine, koma matumba ambiri ogayidwa pano ndizisankha ine." Chigayocho ndi cha ndani? Mwini nyumba akati ndi chake sakunama. Mfumu ikati ndi cha mudzi sikunamanso. Mavuto amayamba tsiku limene mafuta achedwa, kapena lamba waduka, ndiye aliyense akuloza mnzake.

Dongosololi si lachilendo. Linayamba nthawi ya atsamunda, pamene boma linaona kuti n'kotchipa kuthandiza sukulu za mamishoni kusiyana ndi kumanga zake. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Kamuzu linakhwimitsa ulamuliro wake pa silabasi, pa aphunzitsi ndi pa kasankhidwe ka ana, koma silinalande sukulu za mipingo monga zinachitikira m'maiko ena a mu Africa. Lero mipingo imakambirana ndi unduna pa nkhanizi kudzera m'bungwe la Association of Christian Educators in Malawi, limene ambiri amangoliti ACEM. Sikuti ndi za Akatolika okha: Malosa ya Anglican ndi Robert Blake ya CCAP zili m'gulu lomweli.

Kuti tione pamene sukuluzi zaima, tikumbukire makwerero a sekondale zathu. Pamwamba pali sukulu za dziko lonse, zimene zimatenga ana okhoza kwambiri kuchokera m'zigawo zosiyanasiyana: zinayi za boma, zomwe ndi Blantyre, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, pamodzi ndi zambiri za mipingo. Pansi pake pali sukulu zotenga ana a m'boma limodzi, zogonera ndi zoyendera. Kenako pali ma CDSS, amene anabadwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku malo akale a maphunziro a MCDE (Malawi College of Distance Education). Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana omaliza Sitandade 8 anachuluka koopsa, koma malo m'sukulu zapamwambazo sanachuluke mofanana. Kulimbirana kumene mumakuona lero kunachokera pamenepo.

Tsono za ndalama. Mawu oti "fizi" timawagwiritsa ntchito ngati chinthu chimodzi, koma mkati mwake muli zinthu zingapo. Pali ndalama ya maphunziro enieniwo, imene boma linachotsa mu 2018, ndipo inali K500 yokha pa teremu. Pali ndalama za chitukuko cha sukulu ndi za mayeso, zimene boma linachotsa mu Januwale 2026. Ndipo pali ndalama ya chakudya ndi malo ogona, imene ndiyo yaikulu kuposa zonse. Boma litalengeza kuti sekondale ikhala yaulere kuyambira mu Januwale 2026, ndalama yogonerayi sinachotsedwe. Kholo likamadandaula kuti likulipirabe, ndipo unduna ukamanena kuti maphunziro ndi aulere, onse akunena zoona, kungoti akuloza matumba osiyana. Mwana wa zaka 15 amadya katatu pa tsiku kaya boma lanena zotani, ndipo mtengo wa thumba la chimanga ukakwera, bulazala woyang'anira sitolo ya chakudya ndiye woyamba kusowa tulo.

Palinso sukulu zina za mipingo zimene ndi zapulayiveti kotheratu. Zimalemba aphunzitsi awo, zimasankha ana awo, zimaika mtengo wawo. Pachikwangwani pakalembedwa dzina la woyera, musafulumire kuganiza kuti zonse zimayenda mofanana.

Kugonera komweko

Sukulu yogonera ndi mudzi wa anyamata okhaokha umene uli ndi mfumu, nduna ndi anyakwawa. Mphunzitsi wamkulu ndiye mfumu. Mphunzitsi woyang'anira zogonera ndiye nduna imene imadziwa chilichonse. Mapulifekiti, amene ndi ophunzira anzawo a makalasi apamwamba, ndiwo anyakwawa: wina wa chakudya, wina wa zaumoyo, wina wa masewera, wina wa chisangalalo, wina wa ku tchalitchi. Dongosolo la mapulifekiti tinatengera ku sukulu zogonera za ku Britain, ndipo linakhazikika chifukwa aphunzitsi ochepa sangathe kuyang'anira anyamata mazanamazana usana ndi usiku.

Chaka china ndinaperekeza mwana wa mlongo wanga amene anasankhidwa kupita ku sukulu ina ya mishoni yamtunduwu. Usiku woti mawa tinyamuka, mayi ake anakhala pamkeka ndi kalata ya zofunika ija, akuchonga chimodzichimodzi: bulangeti, neti ya udzudzu, chidebe, mbale, kapu, supuni, nsapato zakuda, chitchetcho. Dzina la mwana analilemba paliponse, mpaka kunsi kwa chidebe ndi pa chogwirira cha supuni. Pansi pa sutikesi anabisapo zimene kalatayo sinatchule: mtedza wokazinga m'botolo, chiponde, shuga ndi Sobo. Titatsika minibasi n'kuyandikira geti, ndinafuna kumugwira dzanja kuti tiwoloke msewu. Mwanayo anabweza dzanja lake msanga n'kunong'ona kuti, "Amalume, musandigwire, akutiona." Anali ataona kale anyamata a Fomu 3 atatsamira mpanda, akuyeza aliyense wolowa ndi maso. Sukulu inali itayamba asanalembetse n'komwe.

Wolamulira weniweni wa mudzi umenewu ndi belu. Ndilo limadzutsa anyamata kusanache, ndipo amene anasambapo madzi ozizira m'munsi mwa phiri la Zomba mwezi wa Juni, chiperoni chili phwii, safuna kukumbutsidwa. Pa sukulu zamtunduwu tsiku limayenda mofanana ndithu: kusesa ndi kukolopa, mapemphero, phala, makalasi, nsima, ntchito zamanja kapena masewera madzulo, nsima ina, kenako pulepu. Pulepu ndi nthawi yowerenga mwakachetechete m'kalasi, popanda mphunzitsi wophunzitsa. Ikuoneka ngati nkhani yaing'ono, koma ndi kusiyana kwakukulu pakati pa mnyamata wogonera ndi mnzake wa ku CDSS amene akaweruka amayenda mtunda wautali, kukatunga madzi, kukathandiza kudimba, n'kudzatsegula kope dzuwa litalowa m'nyumba yopanda magetsi. Wogonera uja amapatsidwa maola owerengera tsiku lililonse kwa zaka zinayi, afune asafune.

Za chakudya, funsani aliyense amene anagonerapo pa sukulu m'Malawi muno, ya mishoni kaya ya boma, ayamba ndi nyemba. Nsima ya mgaiwa ndi nyemba masana, nyemba ndi nsima madzulo, kabichi pambali, ndipo tsiku la nyama kapena mpunga limadziwika ndi aliyense ngati tsiku la malipiro. Mtedza wa amayi uja umatha sabata yachiwiri. Zikatero shuga amasanduka ndalama: supuni ziwiri zikhoza kukugulira malo abwino pa mzere kapena kukubwerekera buku usiku umodzi. Si nkhani yoseketsa yokha. Zipolowe zambiri zimene zachitikapo m'sukulu zogonera m'dziko muno, zoswa magalasi ndi kutentha nyumba, zimayambira ku khitchini.

Ntchito zamanja zili ndi nkhope ziwiri. Kwa a Marist, kugwira khasu ndi gawo la maphunziro, ndipo Champagnat mwiniwake anagwira nawo ntchito yomanga nyumba yaikulu ya chipani chake, ya Hermitage, ndi manja ake. Koma chitchetcho chomwecho chimagwiranso ntchito ngati chilango. Mnyamata akauzidwa kuti atchetche bwalo chifukwa wachedwa ku pulepu, n'kovuta kumutsimikizira Loweruka lotsatira kuti kutchetcha ndi ulemu.

Chipembedzo chimalowa m'zonse popanda kufunsa. Tsiku limayamba ndi pemphero, pakhoma la kalasi pali mtanda, Misa ili pa ndondomeko ya sabata. Akatolika amakhala ndi magulu awo monga YCS, kwaya ndi otumikira ku guwa, pamene a mipingo ina ambiri amasonkhana mu SCOM. Kunja kwa tchalitchi kuli mpira, mitsutso, mafunso ampikisano ndi masewero a zisudzo a Chingerezi a ATEM, amene kwa zaka zambiri akhala bwalo lopikisanirapo sukulu za sekondale. Ndipo popeza ku Zomba kuli St Mary's, sukulu ya atsikana ya Akatolika omwewo, simufunika kuuzidwa chifukwa chake malaya ankasitidwa mosamala tsiku la mpikisano wa sukulu ziwirizi.

Pali mbali ina imene akale ena amaikamba akuseka pamene ena safuna kuikumbuka: zimene ana a sukulu amazitcha teasing, kuzunza a Fomu 1. Kumayambira pa kutumidwa kuchapa zovala za wamkulu kapena kulandidwa kamba, n'kufika pa kumenyedwa. Ndi mwambo woipa umene wakhala m'sukulu zogonera zamitundu yonse, ndipo malamulo a sukulu amauletsa mpaka kuchotsa wolakwayo. Chimene chimaupatsa moyo n'chakuti wozunzidwa chaka chino amadikira chaka cha mawa kuti abwezere pa wina. Oikira kumbuyo amati kumalimbitsa mtima. Makolo amene mwana wawo anabwerera kunyumba pakati pa teremu, akukana kubwereranso, amaona zina.

Mudzi woterewu watulutsa anthu amitundumitundu, osati madokotala ndi maloya okha. Alakatuli Jack Mapanje ndi Steve Chimombo onse anadzera pa Box 2, ndipo onse anadzaphunzitsa ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Mapanje anamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Sukulu, koleji ndi ndende, zonse m'boma limodzi la Zomba.

Mapoyinti: bwanji wochepa ndiye wopambana?

Agogo ena atamva kuti mdzukulu wawo wapeza mapoyinti 9 pamene mwana wa aneba wapeza 34, anagwira chibwano n'kufunsa kuti, "Ndalama zonse zija, n'kungobweretsa 9?" Sanalakwe kuwerenga, kungoti pa MSCE, mayeso a Fomu 4 aja, nambala zimayenda chobwerera. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kiredi, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino n'kuphatikiza magirediwo. Wopeza 1 m'maphunziro onsewo ali ndi mapoyinti 6, ndipo palibe angatsike kuposa pamenepo. Zili ngati mpikisano wothamanga: nambala wani ndiye wafika poyamba, osati nambala 30. Kuti mwana alowe yunivesite ya boma amafunika makiredi asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo.

Anyamata oyambirira a Box 2 sankalemba MSCE. Ankalemba mayeso a Cambridge, ochongedwa ku England, mpaka dziko linayamba mayeso akeake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mayeso a Fomu 2, a JCE, nawo ayenda njira yokhotakhota: anathetsedwa cha m'ma 2016, n'kudzabwereranso mu 2021.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi lakale kwambiri: kodi sukuluzi zimakhoza chifukwa cha kaphunzitsidwe, kapena chifukwa zimalandira ana okhoza kale? Mlimi akapatsidwa mbewu yosankhidwa bwino m'dziko lonse n'kukolola zochuluka, tiyamike mbewu kapena mlimi? A mbali ina amati ana omwewo mutawaika pa sukulu iliyonse yokhala ndi mabuku, labu ndi chakudya angakhozenso. A mbali inayo amaloza mwambo, pulepu ndi kupezeka kwa aphunzitsi, n'kufunsa chifukwa chake sukulu zina zolandira ana osankhidwa chimodzimodzi sizifika pamenepo chaka ndi chaka.

Lachiwiri ndi la malire a eni ake awiri aja. Mwini sukulu angalamule mpaka pati pa za chipembedzo, pamene mwanayo anatumizidwa ndi boma ndipo sanasankhe yekha? Dziko lino lakhala likupunthwa pa funsoli. Cha m'ma 2000 panabuka mkangano boma litafuna kuika phunziro la zipembedzo zonse m'malo mwa Bible Knowledge, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri anatsala pa silabasi. Nkhani ya hijab m'sukulu za mipingo inafika potseketsa sukulu ku Balaka mu 2019, mpaka atsogoleri a zipembedzo anasainirana mgwirizano mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Chigamulo chilichonse chimayankha mbali imodzi n'kusiya ina: nanga Misa ya sukulu yonse, nanga wa Seventh Day tsiku la Loweruka, nanga Msilamu m'mwezi wa Ramadan pamene khitchini ili ndi nthawi yakeyake?

Lachitatu ndi la malo amene eni sukulu amadzaza okha. Mipingo imati popanda malowo, Mkhristu amene makolo ake anaumba njerwa za sukuluyo sangapezemo mwayi. Ena amati malowo amathera kwa ana a m'tauni amene makolo awo angathe kulipira maphunziro apadera okonzekera mayeso olowera.

Lachinayi ndi la anyamata okhaokha. Ochirikiza amati mnyamata amaika mtima pa mabuku, ndipo sachita manyazi kuimba kwaya kapena kuyankha molakwa m'kalasi. Otsutsa amati zaka zinayi zoona mtsikana ngati mlendo wa tsiku la mpikisano sizimukonzekeretsa mnyamata kudzagwira ntchito pansi pa bwana wamkazi. Sukuluzi zinamangidwa nthawi imene maphunziro a mtsikana sankawerengedwa kwenikweni, ndipo lero dziko likufuna malo ofanana kwa onse.

Ndipo pali funso la abulazala enieniwo. Amishonale ochokera kunja anakalamba, ambiri anabwerera kwawo kapena anagona, ndipo thandizo limene linkabwera nawo linachepa. Abulazala a lero ndi a kuno ku Africa konkuno, ndipo pa sukulu amakhala ochepa pakati pa aphunzitsi ambiri olembedwa ndi boma, amene unduna ungawasamutse nthawi iliyonse. Denga la hositelo yakale likayamba kudontha, amene akhomerere malata ndani: dayosizi, chipani cha abulazala, unduna, makolo, kapena akale a Box 2 amene amasonkherana m'magulu awo ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi ku London?